Nyimbo mukuifuna, woimbayo mukumutcha hule

Anzanga a m'gulu lino, pali mawu ena amene sachedwa kutuluka tikangoyamba kukamba za akazi oimba ndi ochita zisudzo. Amatuluka pa Facebook, amatuluka m'minibasi, amatulukanso pamaliro anthu akamacheza usiku. Akuti mkazi woimba m'malo azisangalalo si womanga naye banja. Ena sazungulira n'komwe, amangoti ndi hule basi. Chodabwitsa n'choti olankhulawo ndi omwewo amene mafoni awo adzaza ndi nyimbo za mayiyo, ndipo pa chinkhoswe cha mwana wawo amavina nyimbo zomwezo mpaka thukuta kamukamu. Nyimbo akuifuna, koma mwini wake akumulavulira. Sabata ino ndabwera kudzakangana ndi maganizo amenewa, ndipo mboni yanga ndi mayi wina wa ku South Africa, Dolly Rathebe, woimba jazi komanso katswiri wa mafilimu.

Ndikudziwa wina wafunsa kale kuti, kodi iwe wogulitsa usipa ndi tomato pa Golomoti, za ku Johannesburg zakukhudza pati? Zandikhudza chifukwa ku Joni si kutali ndi ife. Agogo athu ambiri adapita kumeneko pa Wenela kukakumba golide, ndipo pobwerako sankanyamula majekete ndi mabulangete okha. Ankabweranso ndi magalamafoni ndi mbale za nyimbo. Chamba cha kwela, chimene Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adatchuka nacho, chidabadwira m'makwalala a Johannesburg m'zaka zomwezo zimene Dolly ankaimba. Nyimbo za kumeneko zidalowa m'nyumba zathu kalekale. Ndipo zimene zidamuonekera mayiyu zikuwaonekera atsikana athu lero lino, kungoti kuno sitidikira apolisi. Pakamwa pathu pamakwana.

Dolly adabadwa m'chaka cha 1928 ku Randfontein, n'kukulira ku Sophiatown. Limeneli linali dera la pafupi ndi mzinda wa Johannesburg, limodzi mwa malo ochepa kumene munthu wakuda ankatha kukhala ndi puloti yakeyake. Kunali matchalitchi, masukulu, mashabini, zigawenga, atolankhani ndi magulu oimba jazi, zonse pamalo amodzi. Dzina lake lenileni linali Josephine. M'chaka cha 1949, ali ndi zaka 21, adasewera mufilimu yotchedwa Jim Comes to Jo'burg, nkhani ya mnyamata wakumudzi amene afika m'tauni kudzafuna ntchito, akuba n'kumulandirira. Dolly adasewera ngati woimba wa pamalo azisangalalo ausiku. Iyi inali imodzi mwa mafilimu oyamba m'dzikolo momwe anthu akuda ndiwo adali eni nkhani, osati onyamula katundu wa azungu. Anthu adamukonda mpaka dzina lake lidasanduka mawu a m'misewu: munthu akati zinthu zili "Dolly", ankatanthauza kuti zonse zili bwino. M'chaka cha 1951 adaseweranso mu The Magic Garden, ndipo kuyambira 1954 ndiye ankakoka anthu pa chionetsero cha African Jazz and Variety cha Alf Herbert, chomwe chinkayendayenda m'mizinda.

Tsopano tamverani izi. Magazini ya Drum idafuna zithunzi zake atavala zosambira. Poti Johannesburg ilibe nyanja, wojambula wa magaziniyo, mzungu wochokera ku Germany dzina lake Jürgen Schadeberg, adapita naye pa mulu wa mchenga wa kumigodi kuti pazioneka ngati pagombe. Ali mkati mojambula, apolisi adatulukira n'kuwagwira onse awiri, powaganizira kuti aphwanya lamulo loletsa kugonana pakati pa mzungu ndi munthu wakuda. Kamera inali pomwepo, ntchito ikuoneka ndi maso. Koma m'mutu mwa apolisiwo munalibe malo a mkazi wakuda amene ali pantchito. Mkazi akaoneka bwino, ali ndi mwamuna yemwe si wake, ndiye kuti nkhani yake ndi imodzi basi.

Abale, apolisi a boma la tsankho aja ndi ife tikusiyana pati? Mtsikana akakwera galimoto limodzi ndi anyamata a bandi kupita ku Salima kukaimba, timanena chiyani? Akatuluka m'situdiyo mdima utagwa, timati amatani m'menemo? Maso ndi omwewo, kusiyana yunifolomu.

Mu February 1955 boma lidayamba kusamutsa anthu a ku Sophiatown mokakamiza kupita nawo ku Meadowlands. Nyumba zidagwetsedwa, pamalopo adamangapo za azungu n'kupatcha Triomf, kutanthauza chipambano. Malamulo a ziphaso ndi oletsa anthu akuda kuyenda usiku adachititsa kuti kuimba kukhale ntchito yovuta. Anzake ena adachoka. Miriam Makeba adatuluka m'dzikolo mu 1959, ndipo chaka chotsatira adamuletsa kubwerera ngakhale kumaliro a mayi ake. Dorothy Masuka, wobadwira ku Bulawayo, adakhala zaka zambiri ku Zambia kumene adagwirapo ntchito yothandiza anthu m'ndege. Dolly adatsala. Adaimbako ndi gulu la Elite Swingsters m'zaka za m'ma 1960, koma malo oimbira adapitirira kuchepa. Mapeto ake adasamukira ku Cape Town, ndipo kuti ana adye, adatsegula shabini n'kumagulitsa mowa kwa zaka zambiri.

Apa m'pamene oweruza athu amaombera m'manja. Amati mwaona, tidanena ife, mapeto a moyo wotere ndi ku shabini. Ayi, dikirani kaye. Ndani adatseka malo oimbira? Ndani adagumula mudzi wonse umene unkamulipira? Munthu mwamulanda khasu, iye wapita kukatola nkhuni kuti agulitse, inu n'kumamuseka kuti taonani mlimi uja wasanduka wogulitsa nkhuni. Manyazi pamenepa ndi a ndani? Ine monga munthu wa geni, zaka za ku shabini zija sindiziona ngati kugwa. Ndimaona mayi amene mpamba wake woyamba, womwe ndi mawu ake, udatsekeredwa msika, iye n'kupeza mpamba wina osapempha munthu. Aliyense wa ife amene adaonapo tomato akuvunda pa benchi chifukwa mlatho waduka ndi madzi akudziwa kuti tsiku lotsatira sukhala pansi n'kumalira. Umasintha katundu.

Komanso Dolly sadali woyamba. Mayi ake a Miriam Makeba adamangidwa chifukwa chofulula mowa, Miriam ali ndi masiku 18 okha, ndipo khandalo lidakhala m'ndende ndi mayi ake miyezi 6. Mawu amene dziko lonse lapansi lidadzawamva adayamba kulira ali m'chitolokosi chifukwa cha mowa wogulitsa. Kunonso kwathu, tiyeni tinene zoona, ndi aphunzitsi angati, anamwino angati, ngakhale abusa angati amene fizi yawo idachokera mu mbiya ya masese kapena m'botolo la kachasu? Sindikuyamikira uchidakwa ayi. Mowa waphwasula mabanja ambiri, ndawaona ndi maso angawa. Koma n'chifukwa chiyani womwa timamutchula kuti bambo aujeni, wogulitsayo n'kumutcha dzina lonyansa?

Ndipo nkhani ya Dolly sidathere ku shabini. Mu 1988 adaoneka mufilimu ya Mapantsula, imene boma la tsankho lidadana nayo. Adabwererana ndi Elite Swingsters, n'kutulutsa chimbale cha Woza mu 1991. Mu 1995 adasewera mu Cry, the Beloved Country limodzi ndi James Earl Jones ndi Richard Harris. Atakula, adathandiza kumanga holo ya anthu a m'mudzi wa Sofasonke, pafupi ndi Klipgat kumpoto kwa Pretoria. Mu 2001 adalandira mphoto yolemekeza ntchito ya moyo wake wonse pa South African Music Awards. Adamwalira mu September 2004 ali ndi zaka 76, ndipo chaka chomwecho dziko lake lidamupatsa ulemu wa Order of Ikhamanga. Tawerengani nokha: kuchokera 1949 kufika 2001 ndi zaka zoposa 50. Ulemu udabwera, inde, koma udapeza munthu atatha mphamvu. Ndiwo mchitidwe wa anthu, kumana munthu nsima ali moyo n'kudzaphika yambirimbiri pamaliro ake.

Tsopano tibwerere kwathu. Kodi ife Amalawi timadana ndi mkazi woimba? Ayi ndithu. Kuno ku Mua, gule wamkulu savinidwa popanda amayi oimba ndi kuomba m'manja, ndipo alendo amene amabwera ku KuNgoni amaona zimenezi. Pa chinamwali oimba ndi amayi. Pamaliro, amene amachezera kuimba usiku wonse mpaka mawu kusasa ndi amayi. M'kwaya za kutchalitchi ochuluka ndi amayi. Nthawi ya Kamuzu, mbumba zinkatengedwa pa malole kukaimba ndi kuvina m'misonkhano, amuna awo atatsala kunyumba, ndipo palibe adayerekeza kuzitcha dzina loipa. Lero lino amayi ovala nsalu za zipani akuvinabe pabwalo la ndege.

Ndiye vuto limayambira pati? Taonani bwino. Mkazi akamaimbira mfumu, chipani, mpingo kapena maliro, kwaulere kapena polandira kansalu, ndi mayi wabwino. Tsiku limene wanena kuti mawu awa ndi anga, ofuna kuwamva alipire pakhomo, tsiku lomwelo wasanduka hule. Choncho nkhani si khalidwe ayi. Nkhani ndi ndalama ndi umwini. Chimene chikutipweteka ndi mkazi amene waika yekha mtengo pa luso lake ndipo ndalamayo ikulowa m'chikwama chake.

Ife amayi a geni izi timazidziwa bwino chifukwa dzina lomwelo amatipatsa. Ukadzuka tambala woyamba kupita kunyanja kukapikula usipa, akuti ukukagona ndi asodzi. Ukakwera lole ya makala kapena ya mbatata kukwera Khwekhwerere kupita ku Dedza, akuti dalaivala ndi chibwenzi chako. Ukagona pa depoti ku Lilongwe utatsamira katundu wako, akuti unagona kuti. Mwamuna akachita zomwezi ndi wolimbikira, bambo wodziwa kusamala banja. Koma ana akabwezedwa fizi, onyozawo ndi omwe amabwera mamawa kudzagogoda kuti mlamu tabwerekeniko pang'ono.

Mchitidwe woweruza mkazi poyang'ana thupi lake uli ndi mizu yaitali kuno. Kuyambira 1973 mpaka 1993 dziko lino linali ndi lamulo loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Lamulo lidachoka m'mabuku, koma m'mitu lidatsala. Mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre adavula amayi pamsewu chifukwa chovala mathalauza. Mavenda, anthu a ntchito ngati yangayi, amene tsiku ndi tsiku amadya ndalama za amayi omwewo. Ngati tidatha kuvula munthu wongodutsa pamsika, nanga amene waima pa nsanja magetsi akumuwalira timusiya?

Komatu tili nawo athu amene achita zazikulu. Malia, woimba jazi wobadwira m'dziko muno yemwe adasamukira ku London ali mtsikana, adapata mphoto ya Echo Jazz ku Germany mu 2013 ndi chimbale cha Black Orchid, ndipo mu 2016 adatulutsa china chotchedwa Malawi Blues/Njira. Ndi angati m'gulu lino adachimvapo? Lily Banda, woimba komanso wochita zisudzo, adasewera ngati mlongo wake wa William Kamkwamba mufilimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019. Tapiwa Gwaza adapambana mphoto ya Africa Movie Academy Awards mu 2010 ndi filimu ya Shemu Joyah, Seasons of a Life. Joyce Mhango Chavula adabweretsa mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Malemu Maria Chidzanja Nkhoma adaimba ndi kuulutsa mawu pawailesi kwa zaka zambiri mpaka kumwalira kwawo mu 2021. Akunja akawaombera m'manja, ife timathamangira kulemba kuti ndi mwana wathu, Malawi moto. Koma mwana wathu weniweni, wa m'nyumba mwathu, akati ndikufuna ndikhale ngati amenewa, timamuyankha kuti bola ndife.

Pali khomo limodzi lokha limene tidamusiyira mkazi woimba: alengeze kuti tsopano wayamba nyimbo zauzimu. Akatero timapuma, n'kumati wabwerera kwa Ambuye, ngati kuti poyamba anali kwa satana. Ine ndimapemphera, ndipo nyimbo zauzimu ndimazikonda. Koma kodi nyimbo ya chikondi ndi tchimo? Nyimbo yodandaula za mwamuna amene adapita ku Joni osatumiza ngakhale sopo ndi tchimo? Nanga bwanji amuna oimba zomwezo sitiwafunsa kuti alape kaye tisanawapatse ulemu?

Sindikufuna kunamizira kuti mantha a makolo ndi opanda pake. Ndi enieni. Alipo okonza zoimbaimba amene salipira. Alipo eni masitudiyo amene amauza mtsikana kuti ndalama usavutike nazo, tigwirizana mwanjira ina. Zilipo zidakwa zimene zimakwera pa nsanja kukagwira woimba ngati katundu wa pa kaunjika. Mayi amene akukaniza mwana wake akuopa mimba, matenda ndi kunyozeka, ndipo sindingamuseke. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma taonani mndandanda umenewu: wosalipira, wonyengerera, wogwiragwira. Onsewa ndi ndani? Olakwa ndi ena, chilango chikugwera mtsikana. Fisi akavuta m'mudzi, anthu amasaka fisi, sakhalira kutukwana mbuzi.

Ndipo kunyoza kwathu n'kumene kumawapatsa mphamvu afisiwo. Mtsikana amene kwawo adamuuza kale kuti ukakaimba ndiwe hule, akachitidwa chipongwe sangakanene kwa aliyense, chifukwa akudziwa yankho: unkafunanji kumeneko? Amapita mobisa, yekha, opanda mlongo womuperekeza, opanda pepala la mgwirizano. Tamutsekera khomo lakumaso, watulukira pazenera, ndiye tikudabwa kuti wavulala.

Kuno kwathu Inkosi Theresa Kachindamoto adathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera atsikana kusukulu, dziko lonse lapansi n'kuwatama. Koma funso lidatsala kwa ife makolo: tawachotsa kubanja, tawabwezera m'kalasi, kenako? Si onse adzakhale anamwino kapena aphunzitsi. Wina mphatso yake ili pakhosi. Wina amati akayamba kusewera sewero pasukulu, ngakhale ahedi amagwetsa misozi. Ameneyu tikamuuza kuti luso lako ndi la mahule, tamubwezera komwe Inkosi adamuchotsa, chifukwa njira yotsala ndi kudikira mwamuna.

Ndiye ndikupempha zinthu zooneka, osati zokamba chabe. Mukapita kokaimba, lipirani pakhomo, musamafunse mlonda ngati ndi mbale wanu. Lekani kukopetsa chimbale chonse pa mtengo wa chitumbuwa kenako n'kumadabwa kuti woimba uja bwanji akuyenda wapansi. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992 kuteteza umwini wa luso. Mwana wanu akajambula nyimbo, mupite naye akalembetse. Akaitanidwa kokaimba, mtengo ulembedwe papepala asanakwere galimoto, ndipo azakhali kapena mlongo wake amuperekeze monga timachitira popita kokapikula katundu koyamba. Inu abambo, mnzanu akakwera pa nsanja kukagwira woimba, mutsitseni ndinu, musamaseke.

Pomaliza ndilankhule ndi inu alembi, poti gulu lino ndi lathu. Tawerenganinso nkhani ndi ndakatulo zimene timalemba. Mkazi woimba kapena wovina akangolowa m'nkhani, tonse timadziwa kale mathero ake: adwala n'kubwerera kumudzi ataonda, kapena agwada kutsogolo kwa abusa akulira. Talemba nkhani imeneyi kambirimbiri mpaka ana athu akuyesa ndi lamulo la chilengedwe. Moyo wa Dolly Rathebe ukutsutsa zimenezo. Adatchuka ali ndi zaka 21, adagwidwa ndi apolisi ali pantchito, mudzi wake udagumulidwa, adagulitsa mowa kuti alere ana, adabwerera pa nsanja atapitirira zaka 60, n'kusiyira anthu holo. Nkhani yotereyi ili ndi nyama yambiri kuposa ulaliki umene timaubwereza uja. Akazi otere aliponso ku Ndirande, ku Chinsapo, ku Mchengautuba ndi kuno ku Mtakataka. Apezeni, muwafunse, muwalembe monga anthu ogwira ntchito.

Amene simukugwirizana nane, bwalo ndi ili, tiyeni tikambirane. Koma musanalembe, tsegulani kaye foni yanu muwerenge nyimbo za akazi zimene zilimo, ndipo mutiuze kuti mwa zimenezo mudalipira zingati.